Makaseti a Malemu Bambo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Mlare tilipo, kungoti mwendo wa amayi ukuvutabe.

Loweruka tinagawa katundu wa malemu bambo. Zonse zinayenda bwino mpaka pamene abambo aang'ono a ku Songwe ananyamula wailesi ija ndi katoni ya makaseti, ati azikaliza m'shopu mwawo. Mukukumbukira mmene amayi ankadandaulira nazo nyimbo zimenezi, kuti magitala a azunguwa ndi ogonetsa tulo. Koma amayiwo anaimirira ndi mwendo womwewo n'kunena kuti, "Alamu, njinga tengani, jekete tengani. Izi zokha musiye."

"Inu Chingelezi simumva, mumamvamo chiyani?" anafunsa abambo aang'ono.

"Oyimbawa sakalipa," anatero amayi. "Amalankhula mofatsa ngati akulu anu."

Abambo aang'ono anatula katoniyo n'kuchoka osatsanzika. Akakuimbirani foni, musawayankhe mwaukali.

Tsopano amayi amamvera makasetiwo masana akamapeta mpunga. Vuto ndi lakuti wailesi yayamba kutafuna tepi, moti dzulo ndinachita kukulunga ina ndi bolopeni. Ndinati ndiwaikire nyimbozo pa memori khadi, koma akana. Akuti kaseti ikatha mbali imodzi m'pamene bambo ankadzuka kukaitembenuza n'kufunsa ngati madzi a tiyi awira, ndiye iwo amadikira pamenepo.

Choncho mukapeza wailesi ya makaseti kumeneko, ngakhale yakale, tumizani msanga. Makaseti atatu aduka kale, atsala anayi.

Mulungu akusungeni nonse.

Ine mlongo wanu,
Tamala