Ndowa ya Amayi Padoko

Senga Bay, Salima
9 Okutobala 2024

Okondedwa achimwene a Benson,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu anga a Molly. Foni yanu ikumangoitana osayankhidwa, ndiye kalatayi ndapatsira a Kenneth oyendetsa basi aja.

Achimwene, andisankha ku yunivesite ku Blantyre kukaphunzira za uinjiniya, zomanga misewu ndi milatho. Ndi zomwe zija munkandiseka nazo, mlatho wakwathu utakokoloka, usipa wa amayi n'kuwolera pa lole, ine n'kulumbira kuti ndidzamanga wina. Ndinkayesa kuti tsiku limeneli ndidzavina. Ndinangokhala pansi pa thandala loyanikapo usipa n'kulira.

Chiwagwirereni sitiroko amayi, dzanja lamanja siligwira kanthu. Kugula usipa ndine, kuyanika ndine, kutembenuza ndine ndemwe. Mukudziwa mmene zimakhalira padoko: boti la a Steven limayamba kugulitsa kwa amene amalidikira m'mawa uliwonse. Ukajomba pang'ono, ndowa yako amaikankhira kumapeto kwa mzere, ndipo kutsogolo subwererakonso. Malo amenewo amayi anawapeza ife tisanabadwe, ndipo ndi amene akutidyetsa. A Eveles, oyanika anzathu aja, ayamba kale kugundanitsa ndowa yawo ndi yathu, n'kumandifunsa mokoma kuti kusukulu ndinyamuka liti.

Tsono imvani zimene ndachita. Amayi atandifunsa, ndinawauza kuti dzina langa silinatuluke. Anandisisita kumsana ndi dzanja labwinolo, amvekere, "Usalire mwanangu, zimene zija n'za anyamata. Mulungu wafuna kuti ukhale nane." Lamulungu anaimirira m'tchalitchi kuthokoza kuti mwana wawo sawasiya. Ine ndinali pambali pawo, nditawagwirira ndodo.

Kulembetsa kukutha kumapeto kwa mwezi uno. Munati mubwera pa Khirisimasi, kenako munati pa Pasaka. Sindikupempha kuti mutumize kanthu ayi, achimwene, ndowa siidziimirira yokha padoko. Mukabwera ndipita, ndipo amayi ndiwauza zoona. Koma ndisakunamizeni, mtima wanga watopa nako kudikira. Chikwama chimene ndinagulira ulendowu ndamupatsa mnzanga Faith. Iyenso anasankhidwa, ndipo akupita.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Amayi nawo akupereka moni wambiri. Akuti musadzivutitse ndi ulendo, kuno zonse zili bwino, poti Tiyanjane sakupita kulikonse.

Ndine mlongo wanu,
Tiyanjane