Udzu Umene Tinazula M'paki

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu. Nanga mwendo wa Amayi uja unaphwa? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ndiye ayi.

Paja ndinakuuzani kuti ndapeza ntchito m'paki ya mzinda. Khonsolo inapereka thandizo la ndalama zotetezera gombe la kamtsinje kodutsa m'pakimo, chifukwa mvula ikagwa madzi a m'misewu amabwera ndi ukali n'kumakokolola nthaka. Azimayife ntchito yathu inali kututa miyala, amuna n'kumaimanga m'mawaya kumunsi kwa mlatho. Anatilonjeza kuti oyendera ntchito akakhutira, ndalama zachiwiri zibwera ndipo atilemba zaka ziwiri. N'chifukwa chake ndinalimba mtima kunena kuti mwana wanga ndidzamutenga adzayambe sukulu kuno.

Tsono imvani zimene tachita. Sabata yatha kapitawo anatiuza kuti oyendera aja akubwera Lachisanu, ndiye tikakonze kumtunda kwa mlatho. Anangotero n'kukwera njinga yake. Titafika tinapeza tchire lolekeza m'chiuno. Inu mukudziwa mmene Amayi anatilerera, kukonzera mlendo ndi kulambula mpaka dothi lioneke. Woyamba kugwira khasu ndinali ine, ndikuseka anzanga kuti ndi alesi a m'tauni. Masiku awiri tinazula zonse ndi mizu yomwe, kusesa, kutentha. Panayera mbee ngati pabwalo la sukulu, ine n'kumanyadira.

Osadziwa kuti tchirelo linali udzu wa vetiva ndi bango zimene gulu lina linabzala chaka chatha kuti zigwire nthaka! Mlangizi wa ntchitoyi atafika anangokhala pamwala, chipewa m'manja. Sanakalipe. Anangofunsa kuti kodi mwa tonsefe panalibe ndi mmodzi yemwe woganiza zofunsa kaye. Bola akanangotitukwana.

Mvula ikakuona litsiro sikata, Achemwali. Lachinayi masana inagwa yamphamvu, gombe lonse la kumtundako linagumuka n'kutenga kanjira ka anthu oyenda pansi ndi mabenchi awiri. Alendo aja anabwera, anajambula zithunzi, n'kunyamuka osamwa ndi madzi omwe. Dzulo atiuza kuti ndalama zachiwiri zipita kupaki ina, ife ntchito ithera mwezi uno. Kapitawo akuti iye sanatchulepo khasu, ndipo akunena zoona. Anzanga sakundiyankhula. Ndikafika pamene timadyera, amangosendeza mbale zawo.

Ndazungulira m'masitolo ndi m'nyumba za anthu kufunsa ntchito, konse akungoti ndisiye nambala. Ndatopa, ndipo sindikuona kolowera.

Pempho langa ndi limodzi. Mukamulembetse mwanayo pasukulu ya kwathu komweko malo asanathe. Munati anauza kale anzake onse kuti akupita kutauni, zovala analongedza kale m'chikwama. Kumuuza ndekha pafoni sindingathe. Mumuuze inuyo, koma musamunamize kuti ndidzamutenga chaka chamawa, chifukwa inenso sindikudziwa. Chikwamacho musachigwire. Mulekeni adzamasule yekha tsiku limene angafune.

Mundiperekere moni kwa Amayi, alamu, atsibweni ndi ana onse. Wangayo mumugoneke pafupi nanu masiku amenewa.

Ndine mng'ono wanu,
Chitsirizira wa Amayi