Malemu Asamukira kwa aNabanda

Lachinayi, nyengo yokumba mtedza. Tsiku lonse lazizira ngati kumanda.

Chiyambire kumwa timapiritsi ta tulo, maliro a amuna anga atatha, sindilotanso. Ndimagona ngati chipika. Anesi anandichenjeza kuti, "Agogo, musapitirize, thupi limazolowera." Ine ndinakagula tina pamsika.

Lero aNabanda, mkazi mnzanga wapakamwa posatseka uja, andipeza kumunda. "Malemu anabwera kwa ine kutulo. Akuti kwanu amagogoda, inu osatsegula."

Kwa iwowo! Ali moyo ankathawako.

Ndinayesapo kutisiya timapiritsito. Mtima unathamanga, tulo osabwera. Nanga munthu wosagona malemu amupeza bwanji? Ndikamwanso sindiwamva.

Dzuwa langolowa, kapiritsi kali m'manja. Chitseko chikugwedera, koma kunja kulibe mphepo...