Nyimbo Yachinayi ndi Bambo Ake a Kingston

Zolembedwa za msonkhano wa komiti ya gulu loimba la Nyundo
Tsiku: Loweruka, 21 Meyi 2011
Malo: kuseri kwa golosale ya a Sidiki, pa Kandeu
Analipo: a Fanizo (wapampando), a Kingston (gitala), a Thandi (lipenga), a Sidiki (ogulitsa chimbale), a Mayamiko (mlembi)
Sanabwere: a Silvester (ng'oma), osatumiza uthenga

1. Kutsegula

Msonkhano unayamba 2 koloko masana. Wapampando anapemphera, kenako anapempha kuti chitseko chitsekedwe.

2. Zomwe zinachitika Lachitatu

Wapampando anakumbutsa kuti chimbale chatsopano chilibe mawu: gulu linasiya phokoso la roko n'kusakaniza jazi ndi maimbidwe akwathu. Anati vuto ndi nyimbo yachinayi, yomwe ndi ya kubanja kwa a Kingston. Imaimbidwa m'Chingoni, ndipo imaimbidwa pokhapokha mwamuna wa m'banjamo akamwalira.

A Sidiki anafotokoza kuti Lachitatu anaika chimbalecho pa chokuzira mawu pakhonde la golosale. Amayi atatu amene ankagula mchere anangomva lipenga, n'kuyamba kulira, ulendo wa kunyumba kwa bambo ake a Kingston, omwe akhala akudwala chiyambire Isitala. Mkuluyo anali moyo, atakhala pampando panja. Anamva anthu akulira maliro ake.

A Sidiki anati: "Ine ndimagulitsa sopo, abale. Ndikanadziwa bwanji?"

A Thandi anati mkuluyo sanadye kanthu kuyambira tsikulo, ndipo a Kingston anabwezedwa pachipata kawiri ndi achemwali awo. Anati iwonso lipenga sakuligwira.

3. Anavomereza ndani?

Wapampando analamula kuti ziwerengedwe zolembedwa za mu Januwale. Mlembi anawerenga. Zinapezeka kuti maganizo akuti nyimbo ikachotsedwa mawu siikhalanso yamaliro anali a mlembi, ndipo komiti inavomera chifukwa iye anapita kuyunivesite.

A Thandi anati: "Achimwene, ndi sukulu yonseyo simunadziwe kuti amayi samvera mawu, amamvera kaimbidwe?"

Mlembi akulemba pano kuti ngakhale tsiku limenelo ankakayika, koma sananene.

A Kingston anati safuna kuloza munthu chala. Anati iwo akungofuna kulowa m'nyumba bambo awo adakapuma.

4. Chigamulo

Nyimbo yachinayi ichotsedwe. A Sidiki asonkhanitse zimbale zonse 40. A Sidiki anati zisanu ndi chimodzi zinagulidwa kale, ndipo chimodzi chili mu minibasi yopita ku Ntcheu boma.

Wapampando ndi mlembi apite mawa kukapepesa kubanjako.

5. Zina ndi zina

Foni ya a Kingston inalira. Anaona kuti ndi achemwali awo aja, ndipo anakana kuigwira. Inalira kachiwiri. Anaikankhira kwa mlembi, nati: "Yankhani inuyo."

Mlembi anayankha. Uthenga unali wakuti mkuluyo wadzuka, ndipo akuti Kingston abwere tsopano lino ndi gitala, adzamuimbire nyimboyo yonse ali maso.

A Sidiki anafunsa ngati kumeneku n'kukhululuka kapena kutsanzika. Mlembi anati sanafunse. A Kingston ananyamula gitala, ndipo anatuluka osatseka chitseko.

6. Kutseka

Tsiku la msonkhano wina silinasankhidwe. Wapampando anati tiyambe tamva za kumudziko. Msonkhano unatha 3:20 masana. Pemphero lotsekera linaiwalika.

Wapampando: Fanizo ______________
Mlembi: Mayamiko ______________