Mchenga wa kuseri kwa nyumba yanu

Amayi, kaya mukukhala bwanji kumeneko munatsogolako? Ndine Enelesi, mwana wanu woyamba, ndikulemba ndili pakhonde panu pano pa Machinjiri.

Ndiyambe ndi zabwino, paja munkadana ndi munthu wofika pakhomo ndi madandaulo asanapereke moni. Tiyamike, mdzukulu wanu munkamuluka tsitsi uja, anabereka mwana wamkazi nthawi yozizira. Chibwano ndi chanu chenicheni. Chimanga cha kumunda wa kumtunda chinachitako pang'ono, koma nandolo ndiye anabereka mpaka tinagawirako a neba.

Nkhani inayi ndakhala ndikuzengereza nayo miyezi yambiri. Ndi ya mtsinje.

Mukukumbukira malole aja anayamba kudzatapa mchenga kuseri kwa nyumba inu mutayamba kale kudwala? Nthawi imeneyo ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo munkadzuka pamphasa n'kukawakalipira mutagwirira ndodo. Pano sapuma. Akumba mpaka gombe lafika pomwe panali dimba lanu la mpiru. Mtengo wa mapeyala unagwera m'madzi mvula yathayi, mizu ili m'mwamba. Khoma la kuchipinda kwanu lang'ambika, dzanja langa limalowa.

Maliro anu atatha, Mai Namagonya, anzanu a kumvano aja, anatisonkhanitsa tonse okhala m'mbali mwa mtsinje. Tinapanga gulu, ine anandisankha mlembi. Ndinavomera chifukwa cha mawu anu aja, akuti ku ofesi ukapita wekha amati ndiwe wolongolola, koma mukapita ambiri amakutulutsirani mipando. Tinayenda khomo ndi khomo ndi kalata yathu. Odziwa kulemba anasaina, osadziwa anadinda chala.

Inali nthawi ya kampeni. Bambo wina amene ankafuna ukhansala anabwera, anavula nsapato n'kutsikira kumtsinje kukaona yekha. Anatuluka matope mpaka m'mawondo, natiuza kuti akangowina, lole silidzapondanso pano. Tinamuvotera, Amayi, ngakhale agogo osayenda tinawanyamula pa njinga. Anawina. Ndipo ndisamunamizire, kalata yathu anakafika nayo kukhonsolo, kunalembedwa lamulo loletsa kukumba mchenga pafupi ndi nyumba za anthu. Linangotsala kuti makhansala onse alivomereze. Tsiku lomwe tinamva, Mai Namagonya anavina pamsewu, chitenje chikugwa.

Chimene sitinkadziwa n'choti eni malole nawonso ali ndi gulu lawo. Lawolo lili ndi ofesi m'tauni, lili ndi loya, ndipo wapampando wake amadziwana ndi aliyense wa tayi. Ife tikafuna kuonana ndi a khansala, timasiya tomato pamsika, kukwera minibasi, n'kukakhala pabenchi mpaka masana, a sekilitale akungoti abwana ali mumiting'i. Tsiku lina tili pabenchipo chitseko chinatseguka, a khansala anatuluka ndi wapampando uja atagwirana manja, akuseka. Wapampandoyo anatipatsa moni mwaulemu wonse, mpaka kupinda mawondo. "Amayi athu, mwaswera bwanji?" Ife tinayankha. Tikanatani?

Posakhalitsa tinamva kuti makhansala atengedwa kupita kuhotela masiku atatu, akuti akaphunzire za bizinesi ya mchenga asanavote. Zonse anakonza ndi eni malole, chakudya, malo ogona, galimoto. Titadandaula, anatilola kupita tsiku lomaliza kuti tikalankhuleko pang'ono.

Amayi, apa ndi pomwe dzanja likundilemera. Tinafika pahotelapo n'kupeza malole aima pamzere, atadzaza amuna ovala matisheti atsopano olembedwa kuti mchenga ndi ntchito yathu. Pakati pawo panali Dayitoni, mwana wanu wotsiriza. Sindinakuuzeni kuti ntchito yake yophika buledi kubekale ija inatha, ndipo kuyambira pamenepo amakweza mchenga m'malole. Ndinkadziwa zimenezo, koma sindinkadziwa kuti abwera naye. Atandiona anayang'ana matayala.

M'katimo munali mozizira ngati m'filiji. Loya wawo analankhula nthawi yaitali m'Chingerezi, akuonetsa zithunzi pakhoma, za nyumba zomwe zikumangidwa m'tauni ndi anthu omwe angataye ntchito. Kenako wapampando wa eni malole uja anaimirira n'kuitana Dayitoni kutsogolo. Anati, "Uyu anabadwira m'mbali mwa mtsinje womwewo. Mlembi wa amayiwa ndi mchemwali wake. Mumve kwa iye."

Dayitoni anagwira maiki ndi manja awiri. Anati, "Ine ndili ndi ana atatu. Ntchito ndasaka ku Limbe konse, kulibe. Mukatseka mtsinje, ndikawauza chiyani?" Anangonena zomwezo n'kukhala pansi. Sananame, Amayi. Chikundiwawa n'chimenecho, kuti mawu ake onse anali oona, koma amene anamukweza lole kubwera naye sadziwa n'komwe mayina a ana akewo.

Itafika nthawi yanga ndinaima ndi pepala langa. Ndinayamba kuwerenga za dimba, za makoma, za ana omwe amadutsa pa gombe popita kusukulu. Ndisanafike pakati, wotsogolera mwambo anayang'ana wotchi nati chakudya chazizira, zotsalazo ndisiye patebulo adzawerenga. Pobwerera kudzatenga ambulera yanga ndinapeza pepalalo lili pomwepo, wina ataikapo botolo la madzi.

Lamulo lija linadutsa, koma silinali lathu lija. Anawonjezeramo kuti amene ali ndi chiphaso akhoza kukumba, ndipo m'komiti yopereka ziphaso anaikamo wapampando wa eni malole. Ndiye pano othamangitsidwa ndi amayi osenza mchenga m'mabeseni kuti akagulitse pamsewu. Malole ali ndi mapepala. Kale tinkawakalipira akuchita manyazi, lero dalaivala amangotulutsa chiphaso pawindo.

Ndinakumana nawo a khansala pamaliro ena ku Chilomoni, ndinawafunsa pamaso. Sanakwiye. Anati, "Mayi, demokalase ndi kumva mbali zonse. Inu tinakumvani, iwonso tinawamva." Pobwerera ndinawauza Mai Namagonya. Titafika pasiteji anati, "Enelesi, ife timamufuna tsiku lililonse, iye amatifuna tsiku limodzi pa zaka zisanu. Amalole amawafuna mwezi uliwonse. Ukuganiza kuti mafuta a kampeni ankathira ndani?"

Gulu lathu latha mwakachetechete. Nyumba ya Mai Namagonya inagwa mbali imodzi, ana awo anadzawatenga, ali ku Bangwe. Ena akuti tipite kukhoti, koma akunena choncho akumanga katundu. Miting'i yomaliza tinabwera anthu anayi, tinapemphera n'kubalalika. Munkati munthu asamatope kugogoda pakhomo poti mwina eni ake ali kubafa. Ife tagogoda, Amayi. Eni ake alimo, akutimva, koma ali ndi alendo ena.

Lamulungu lapitali Dayitoni anabwera, koyamba chichokereni kuhotela kuja. Ndinamupatsa mpando, ndinamuphikira tiyi. Za tsiku lija sitinatchule. Atamwa anazungulira kuseri, anaima nthawi yaitali akuyang'ana gombe, kenako analowa kuchipinda kwanu n'kupisa dzanja mumng'alu uja. Potuluka anati, "Achemwali, tichotse malata mvula isanabwere. Gombe ili silipirira chaka china. Ndikudziwa, pansi pakepo ndakumba ndine." Misozi inali ikutsika, iye osaipukuta.

Ndiye Loweruka tikuphwasula nyumba yanu. Malata, zitseko ndi mafelemu tisunga, njerwa zomwe zingatuluke zamphumphu tiunjika kumunda wa kumtunda. Ine ndikakhala kaye kwa Tiyamike. Ndinkafuna ndikuuzeni ndekha, musadzamve kwa ena obwera kumeneko. Mundikhululukire, ndinayesetsa mmene ndikanathera.

Chimodzi chokha ndingathe kukulonjezani, poti zina zonse zili m'manja mwa anthu omwe sindingawafikire. Dayitoni sindimutaya. Loweruka akakwera padenga kukazula misomali yomwe inu munagula, ine ndidzakhala pansi ndikumugwirira makwerero.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani.

Mwana wanu,
Enelesi