Mphini pa Miyendo ya Esnati

Lachinayi, mwezi wa Juni, ku Ligowe. Kwazizira tsiku lonse, ndipo mtima wanga suli m'malo.

Dzulo tinabwerako kuchipatala ku Blantyre ndi mkazi wanga Esnati. Adokotala akuti kutentha thupi kwa chaka chatha kuja kunali kwa kachilombo kena kake. Asilikali a m'thupi mwake anamenya nkhondo n'kupambana, koma sanaleke. Tsopano akuwononga mitsempha yake yomwe, n'chifukwa chake miyendo yachita dzanzi. Mankhwala ochiza palibe. Atilembera kalata yoti tikaonetse amayi otsogolera chipani m'dera lathu, asamamuitanenso kokonzekera magule.

Masana ndinawafotokozera apongozi, atakhala chapatali monga mwa mwambo. Anamvetsera, kenaka anati, "Aphunzitsi, kodi thupi lingadziukire lokha? Alipo wachita izi." Anatulutsa lezala ndi mankhwala akuda. Ndinafuna kukana, koma Esnati anandiyang'ana, ndiye ndinawalola.

Anamutema mphini miyendo yonse iwiri, magazi mpaka kuchidendene. Iye maso anali kumapiri. Patapita kanthawi anafunsa, "Amayi, simunayambe?"

Apongozi anaika lezala pansi.