Fungo la pa Yunifolomu

Okondedwa Mlamu,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi bambo akunyumba ndi ana onse. Kodi mwendo uja unasiya kutupa? Kuno tilipo, tikudzuka. Mwana wanu ali bwino m'thupi, kungoti masiku ano salankhulalankhula.

Uthenga wanu ndinaulandira. Mwati mukufuna kudzamutenga teremu ino ikatha, chifukwa mwamva kuti akupita kusukulu ndi zovala zonunkha. Amene anakuuzaniyo sananame. Koma ndimati mumvenso kwa ine mmene zinayendera.

Mukudziwa kuti pa nyumba zathu zino chingwe choyanikapo zovala n'chimodzi, cha pabwalo, pafupi ndi mpopi. M'pamene mng'ono wanu ankaima Loweruka lililonse, mapegi ali kukamwa, akuseka ndi anzake. Chimwalirireni iye, pamalopo pankandikanika kufika. Amayi aja akandiona ankatsitsa mawu, ena n'kuyamba kupukuta m'maso. Ndiye ndinakhoma misomali iwiri kuchipinda n'kumanga chingwe changachanga.

M'mawa popita ku galaja ndinkaviika zovala mu ndowa, sopo wambiri, n'kuvundikira. Ndinkaganiza kuti zikakhalitsa m'madzi ndiye ziyera bwino. Ndikaweruka ndinkazifinya n'kuziyanika kuchipinda kuja, zenera lili chitsekere poopa akuba. Zina zinkatha masiku zisanaume.

Tsiku lina mwana anandiuza kuti anzake akumutcha Chikolopa. Akuti akalowa m'kalasi, wina amafunsa mokweza kuti ndani waiwala kufinya chikolopa lero, ndipo mtsikana amene ankakhala naye desiki imodzi anasamuka. Ndinatenga bulauzi yake pachingwe n'kuinunkhiza. Inkamveka sopo. Ndinamuuza kuti vuto si zovala, azisamba bwinobwino, wayamba kukula tsopano. Mawu amenewo, mlamu, akanakhala omezeka ndikanawameza.

Anandimvera. Anayamba kudzikhula ndi mwala m'khwapa mpaka kusupuka, osandiuza. Ndinazindikira nditaona akulephera kukweza mkono kuti atenge kapu pa shelefu.

Kuchipatala namwino anamupaka mankhwala, kenako anagwira kolala ya bulauzi n'kuifikitsa pamphuno. Anafunsa kuti kunyumba amachapa ndani. Nditafotokoza mmene ndimachitira, anandiuza kuti bambo, inu simuchapa, mukuweta.

Anati thukuta palokha silinunkha kwenikweni. Pali tizilombo tosaoneka ndi maso, mabakiteriya, timene timadya thukuta ndi mafuta a m'thupi otsalira mu nsalu, ndipo fungolo ndi zimene timatulutsa tikadya. Timaswana pa chinyontho, choncho ndowa yovundikira ndi chipinda chotseka ndiye khola lenileni. Sopo wosatsukuluzika nayenso amagwira litsiro. Chovala chikauma fungo limabisala, n'chifukwa chake ine sindinkamva kanthu. Koma mwana akangochivala, chikafunda n'kunyowa ndi thukuta, limadzuka. Mwanayo ankanena zoona, ine ndinkanunkhiza pa nthawi yolakwika.

Anatilangiza kuchapa ndi madzi otentha, kutsukuluza mokwanira, ndi kuyanika padzuwa tsiku lomwelo. Anatinso thupi la mwana lilibe mlandu uliwonse. Ponena zimenezi ankayang'ana iyeyo, osati ine.

Loweruka ndinatuluka ndi beseni. Pabwalo panangoti zii. Amene anandipulumutsa ndi akazi a telala, oyandikana nawo khomo aja. Anati ndayanika malaya ngati ndikupachika chikopa cha mbuzi, ndipo malemu akanaona akanandilanda beseni n'kundibweza ku galaja. Onse anaseka, inenso ndinasekako pang'ono. Anandionetsa kutembenuza zovala kuti m'khwapa muombedwe dzuwa.

Fungo linatha. Sindinadzikhulupirire ndekha, ndinakafunsa aphunzitsi ake ndipo ananditsimikizira. Zilonda nazonso zapola.

Koma dzina silinathe. Dzulo ndinamuuza za uthenga wanu, poti sindikanamubisira nkhani yokhudza iye. Mumtima ndinkati akana. Anapitiriza kupinda masokosi, kenako anangofunsa ngati ana a pasukulu ya kwanuko angadziwe dzina lija.



Mlamu, sindikulimbana nanu. Ndinu mayi ake aakulu, ndipo pali zambiri zimene mtsikana angazipeze kwa inu zomwe ine sindingamupatse. Koma m'nyumba muno mawu amene atsalamo ndi akewo. Akapita chifukwa chofuna mayi, ndipirira. Chimene chikundiwawa n'chakuti apite pothawa dzina limene ndinamuputira ine.

Ndiye ndikupempha mundipatseko teremu ina imodzi. Lolemba ndapempha kuchoka kuntchito kuti ndikaonane ndi ahedi. Ana sachedwa kupeza china choseka, mwina aiwala. Chonde musamuimbire foni n'kumufunsa maganizo ake pakali pano, chifukwa chimene angayankhe ndikuchidziwa.

Teremuyo ikatha dzinalo likadalipo, simudzavutika n'kubwera. Ndidzamuperekeza ndekha mpaka pakhomo panu, chikwama ndidzanyamula ine.

Mundiperekere moni kwa bambo akunyumba, kwa ana, ndi kwa amalume mukawaona. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlamu wanu,
Bambo a mwana